Mpira umene anaupangira kumenyedwa

Mpira wa trackball sunayambire m'masewera. Mu 1952, akatswiri a ku Canada anatenga mpira wa bowling n'kuuika m'makina a DATAR, othandiza asilikali a panyanja kutsata zombo. Kampani ya Atari ndiyo inautchukitsa m'makina a masewera oponyamo ndalama: Football mu 1978, Missile Command mu 1980, Centipede mu 1981. Mipira ya m'makinawa inali yolemera, yokhazikika pa tizitsulo tozungulira, cifukwa wosewera magazi akatentha amaupalasa ndi cikhatho conse.

Wa padesiki, monga wa Logitech kapena Kensington, anaupangira zala za munthu wa mu ofesi, woloza zinthu pakompyuta mosamala.

Ife ambiri kuno ku Chipata nthawi imeneyo inatipita, tinayambira pa PlayStation. Ndiye acinyamata amene mukuganiza zopita kwa kalipentala ku Kapata kuti akukhomereni bokosi la masewera locitira malonda, kutchipa kwa wa padesiki kusakunyengeni. Ukapalasidwa mwamphamvu umatha kudumpha m'kabowo kake, ndipo mwana amene walipira Kwacha yake sabwera kudzausisita.