Mankhwala a mayi ndi bere la mwana: kumene tachokera

Dzulo pochokera kudimba ndinapeza amayi akukangana pa mjigo. Ati mtsikana wina woyamwitsa wasiya mankhwala akuchipatala chifukwa apongozi ake amuuza kuti "alowa mu mkaka, apweteka mwana." Mtima unandiwawa. Mawu amenewa si a lero.

Ife tikukula, mayi woyamwitsa akadwala malungo ankalandira chloroquine, wowawa uja, woyabwitsa thupi. Mu 1993 boma linabweretsa Fansidar, mu 2007 kunabwera LA. Mankhwala ankasintha, koma agogo athu ayi: ati chowawa chimawawitsa bere. Ndiye mayi ankamwa tsiku limodzi basi, mibulu yotsalayo n'kuitsomeka kudenga, malungo n'kubwereranso.

Chimene chinatizunguza mitu kwenikweni ndi kachilombo ka HIV. Ma ARV aulere anayamba mu 2004, koma ankapatsa okhawo odwalika kapena amene chitetezo chawo chatsika kwambiri. Mayi wapakati ankangolandira m'bulu umodzi wa nevirapine woti amwe matenda akayamba, khanda n'kulimwetsa wamadzi likangobadwa. Malangizo anali akuti: yamwitsani mwakathithi miyezi 6, kenako musiyitseni msanga.

Malemu mlongo wanga anamvera. Anasiyitsa mwana mu Januwale, nkhokwe zili mbee! Mkaka wa m'chitini tikanaugula ndi chiyani? Linali phala lamgaiwa lopanda nsinjiro ndi madzi apachitsime. Mwana anatsegula m'mimba, ananyentchera, tinachita kugona naye kuchipatala. Anapulumuka, lero ndi mnyamata wolima nane limodzi. Chinanso chowawa, mudzi wonse unadziwa. Wosiyitsa pa miyezi 6 anthu ankangomulozerana ndi milomo. Anamwino sindiwaimba mlandu, ankanena zimene zinkadziwika nthawi imeneyo.

Zinthu zinatembenuka mu 2011, Malawi atakhala dziko loyamba kuyambitsa ndondomeko ya Option B+. Mayi wapakati kapena woyamwitsa akapezeka ndi kachilombo, amayamba ma ARV pompopompo, kwa moyo wonse, osadikira zoti chitetezo chitsike. Khanda limamwa nevirapine wamadzi masabata oyambirira, limayezedwa magazi, ndipo limayamwa mpaka zaka ziwiri ngati anzake onse. Mwaona? Mankhwala amene tinkawaopa aja ndi amene akutchinjiriza mwana, chifukwa amachepetsa tizilombo m'magazi ndi mu mkaka momwe. Mayi akadumphitsa, ndi pamene mwana ali pa chiopsezo.

Pena agogo sananame ndithu: mankhwala ambiri amalowadi mu mkaka, koma pang'ono chabe. Panado kapena amoxicillin achipatala amapereka kwa oyamwitsa osadandaula. Alipo ena osayenera, n'chifukwa chake adokotala amafunsa kuti, "Mukuyamwitsa? Mwana ali ndi miyezi ingati?" Akaiwala kufunsa, nenani nokha amayi, musachite manyazi. Wogulitsa makapisozi pamsika safunsa zimenezo, ndipo muzu wa m'botolo ulibe mlingo. Mwana akaoneka wofooka, akutuluka zidzolo kapena akukana bere, thamangani naye kuchipatala, mankhwalawo muwatengere konko. Osangosiya mwa inu nokha.

Inu apongozi, ndi ife azibambo, mawu athu amalemera pakhomo kuposa a namwino amene mayi amamuona kamodzi pamwezi. Ngati mukukayika, perekezani mayiyo ku sikelo, mukafunse pamaso pa alangizi azaumoyo. Ine dzulo lomwelo ndinapempha mayi akunyumba kuti akacheze ndi apongozi aja. Akuti Lachinayi apitira limodzi.