Manambala a sondagem: anafunsa yani?

Cisankho ca pulezidenti cikamayandikira, manambala amauluka ngati ngumbi mvula itagwa. Wina walandira pa WhatsApp kuti uje ali ndi 60 pa 100, wina wamva pa wailesi kuti ayi, wotsogola ndi winayo. Pa Cipwitikizi amati sondagem, ife tingati kafukufuku wa maganizo a anthu. Omvera amandifunsa kawirikawiri ngati manambalawa ndi oona. Ine ndimawayankha ndi mbiri, cifukwa nchito imeneyi si ya dzulo, ndipo inagwapo cagada anthu akuona.

Mu 1936 ku Amerika kunali magazini yochuka, Literary Digest, imene inali italosera bwino zisankho zingapo za m'mbuyo. Caka cimeneco inatumiza makalata pafupifupi 10 miliyoni kufunsa anthu amene adzamuvotere, Franklin Roosevelt kapena Alf Landon. Oposa 2 miliyoni anayankha. Magaziniyo inalengeza kuti Landon adzapambana ndi 57 pa 100. Tsiku litafika, Roosevelt anatenga mavoti oposa 60 pa 100, ndipo pa zigawo 48 za dzikolo Landon anapata ziwiri zokha, Maine ndi Vermont.

Cinalakwika n'ciyani pamene anthu ofunsidwa anali ambiri cotere? Maina ambiri anawatenga m'mabuku a eni matelefoni ndi eni magalimoto, pa nthawi ya umphawi waukulu pamene anthu wamba analibe zinthu zimenezi. Komanso amene anavutika kubweza kalata anali makamaka okwiya ndi Roosevelt. Osauka, amene ankamukonda, sanamveke. George Gallup anafunsa anthu ocepa kwambiri poyerekeza, koma anayesetsa kuti akhale a mitundu yonse, ndipo ananena molondola kuti Roosevelt apambana. Literary Digest inatsekedwa mu 1938. Mayi akamalawa ndiwo sadya mphika wonse, amangotakasa bwino n'kulawa pang'ono. Magazini ija inamwa msuzi wambiri wa pamwamba, osatakasa.

Nkhaniyi ndimaikumbukira ndikatsegula foni pa pulogalamu kuti omvera anene maganizo ao. Oimba amakhala omwewo: aphunzitsi, a mabanka a pamsika, anyamata a njinga zamoto, anthu okhala pamene netiweki imagwira ndipo ali ndi kredito. Agogo a kuseri kwa phiri, amene pa tsiku la cisankho amalawirira kukaima pa mzere, saimba. Conco mukamva kuti omvera a wailesi yakuti asankha uje, dziwani kuti mwamva eni mafoni.

Gallup yemweyo anapunthwa mu 1948. Iye ndi anzake anasiya kufunsa anthu kutatsala masabata, poganiza kuti Thomas Dewey wapambana kale, koma anapambana ndi Harry Truman.

Koma nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya ku Nicaragua, cifukwa ikufanana ndi yathu. Dzikolo linali litatopa ndi nkhondo ya paciweniweni, pakati pa boma la a Sandinista ndi zigawenga za Contra. Mu February 1990 kunacitika cisankho. Akafukufuku ambiri, ngakhale a makampani akuluakulu a nkhani a ku Amerika, anati pulezidenti Daniel Ortega apambana mosavuta. Anapambana ndi mayi Violeta Chamorro wa mgwirizano wa UNO, ndi mavoti pafupifupi 55 pa 100, Ortega 41.

Cisankho cisanacitike, akatswiri ena anayesa kanthu kakang'ono. Anatumiza ofunsa ndi mafunso ofanana, kusiyana kunali pa colembera cokha. Ena anagwira colembera ca mitundu ya cipani colamula, ena ca mitundu ya UNO, ena colembera wamba. Kwa ogwira ca cipani colamula anthu ambiri anati adzavotera Ortega. Kwa ogwira colembera wamba ananenanso cimodzimodzi. Kwa ogwira ca UNO kokha ndi kumene mayankho anafanana ndi zimene zinadzatuluka m'bokosi. Ndiye kuti mlendo wosadziwika, wobwera ndi pepala, anthu ankamutenga ngati wa boma, ndipo ankamuuza zimene boma lingakonde kumva.

Kodi ife izi n'zacilendo? Amene anaona nkhondo imene inatha mu 1992, amene anathawira ku Dedza, Ntcheu kapena Mwanza n'kukhala zaka m'misasa, anaphunzira kuti funso lakuti uli mbali iti limatha kuphetsa. Mpaka lero munthu wamkulu akafunsidwa ndi mlendo za Frelimo kapena Renamo, amayamba wayang'ana nsapato za mlendoyo, galimoto imene wabwera nayo, ndi amene wamuperekeza. Ngati wabwera ndi mfumu kapena sekeretale wa bairo, yankho lapezeka kale. Sindikuwanena kuti ndi abodza makolo athuwa. Ndi nzeru imene inawapulumutsa. Bungwe la Afrobarometer, limene limafunsa anthu m'maiko ambiri a mu Afrika kuphatikizapo Mozambique, limadziwa vutoli: pomaliza limafunsa munthu kuti akuganiza kuti ofunsawo anatumidwa ndi yani, ndipo ambiri amayankha kuti ndi boma.

Pamenepa wina angati basi, zonsezi n'zabodza. Ayi ndithu. Tsidya linali la malire tinaona kafukufuku akugwira nchito. Cisankho ca ku Malawi ca pa 20 May 2014 cisanafike, Afrobarometer inafunsa anthu 2,400 m'zigawo zonse, pamaso ndi pamaso, m'zinenero zao, midzi ndi makomo ake atasankhidwa mwa maere. Inapeza Peter Mutharika patsogolo, kenako Lazarus Chakwera, ndipo Joyce Banda, amene anali pa mpando, anali wacitatu. A cipani colamula sanakondwe nazo. Koma mavoti atawerengedwa ndondomeko inali yomweyo: Mutharika 36 pa 100, Chakwera 28, mayi Banda 20. Manambala a kafukufuku anali otsikirapo, popeza anthu ambiri anali asanaganize kapena sanafune kunena, koma amene anali patsogolo anamuona. Taonani kuti kumeneko anthu anauza mlendo poyera kuti savotera pulezidenti wolamula. Mantha akacepa, colembera sicikhalanso ndi mphamvu.

Pali cina cimene ngakhale kafukufuku wabwino sangacione. Iye amayeza zimene zili m'mitima ya ovota, osati zimene zidzalembedwe pa pepala la zotsatira. Cisankho ca ku Malawi ca mu May 2019 cinathera kukhoti cifukwa ca mapepala ofufutidwa ndi Tipp-Ex, ndipo pa 3 February 2020 oweruza asanu anacithetsa. Pokonzekera cobwereza, bungwe la IPOR la ku Zomba linafunsanso anthu n'kupeza Chakwera patsogolo. Pa 23 June 2020 anthu anavota, ndipo Chakwera anapambana ndi mavoti pafupifupi 59 pa 100.