Mliri wa Fuluwenza wa 1918 ndi Matenda a Mumtima

Mwezi wa Sepitembala m'chaka cha 1918, sitima ziŵiri za pamadzi, Jaroslav ndi Veronej, zidakocheza padoko la Cape Town zitanyamula amuna amene ankabwerera kwawo kuchokera ku ntchito za nkhondo ku France. Pamodzi nawo idafika fuluwenza. Sitima za pamtunda zidaimwaza dziko lonse, ndipo m'masabata asanu ndi limodzi okha anthu pafupifupi 300,000 adafa ku South Africa. Chaka chisanathe, nthendayo idaloŵanso m'dziko lathu lino, limene panthaŵiyo linkatchedwa Nyasaland. Padziko lonse lapansi akuti idapha anthu ngati 50 miliyoni.

Mabuku ambiri amaŵerenga mitembo nalekera pomwepo. Koma otsala nawonso adavulala, ngakhale kuti bala lawo silinali looneka ndi maso.

Kaŵirikaŵiri chimfine chimatenga makanda ndi nkhalamba. Ichi chidachita zachilendo: chidasankha anthu a zaka zapakati pa 20 ndi 40, ndiye kuti makolo, olima, osamalira odwala. Pakhomo pamene mayi ndi bambo adagona tsiku limodzi, panalibe wotunga madzi kapena wosonkha moto. Agogo amene ankayembekeza kuikidwa ndi ana awo ndiwo adaika anawo, nayambanso kulera mwatsopano mphamvu zitatha kale.

Chinanso chidali maliro. Ku Cape Town mabokosi adasoŵa, ndipo akufa ambiri adaikidwa pamodzi m'maenje aatali atakulungidwa m'mabulangeti. Munthu wa kuno kwathu adziŵa bwino kulemera kwa zimenezi. Kusonkhana pasiŵa, kugona kumaliro, kumeta: miyambo imeneyi si yolemekeza womwalira yekha ayi, imapatsanso wofedwa njira yoti chisoni chidutsemo. Mantha akatseka njirayo, mnansi n'kumaopa khomo la mnzake, chisonicho chimangokhala m'kati ngati madzi osoŵa ngalande.

Ochira nawonso sadabwerere msanga mwakale. Madokotala a m'maiko ambiri adalemba za anthu ofooka, osoŵa tulo, osafunanso ntchito kapena kucheza. Ku Boston, dokotala wachinyamata Karl Menninger adalemba m'chaka cha 1919 za odwala amene mitu idasokonekera atadwala fuluwenza. Ku Norway, wofufuza wa masiku ano Svenn-Erik Mamelund adapeza kuti ogonekedwa koyamba m'zipatala za amisala chifukwa cha fuluwenza adachuluka pafupifupi kasanu ndi kaŵiri pa zaka zisanu ndi chimodzi zotsatira mliriwo.

Koma funso limene lidasautsa mitima koposa linali lakuti: zachitikiranji zimenezi, ndipo bwanji ine ndatsala? Apa ndipo pakuloŵa nkhani ya Nontetha Nkwenkwe, mayi wamasiye wa mtundu wa Axhosa, wa kufupi ndi King William's Town. Iye adadwala fuluwenza nachira. Ali chidwalire adalota maloto amene adamtsimikizira kuti mliriwo unali chilango cha Mulungu, ndi kuti iye adasiyidwa ndi moyo kuti achenjeze anthu. Adayamba kulalika, kudzudzula uchidakwa, chigololo ndi ufiti. Anthu ofedwa adamtsata ambiri, pakuti adaŵapatsa chimene boma ndi madokotala adalephera kupereka: tanthauzo la imfa zawo, ndi gulu lolira nalo limodzi.

Boma la azungu lidaona zina. M'chaka cha 1921 apolisi adali atapha anthu opitirira 160 a mpingo wa Enoch Mgijima ku Bulhoek, ndipo mneneri aliyense wakuda ankamuyang'ana ndi diso lokayika. Mu 1922 adamgwira Nontetha, namuweruza kuti ndi wamisala, namtsekera m'chipatala cha Fort Beaufort. Poona kuti omtsata sakuleka kudzamuona, mu 1924 adamsamutsira kutali ku Pretoria. Kunena zoona, amene adagwidwa ndi mantha osadziŵika mutu wake pankhaniyi anali olamulirawo, osati mayiyo.

Anthu ake sadamtaye. Kuyambira kumapeto kwa 1926 mpaka kumayambiriro kwa 1927, kagulu ka iwo kadayenda pansi masiku 55, ulendo wa makilomita pafupifupi 1,000, kuti akangomuona. Nontetha adamwalira m'chipatalamo mu 1935, naikidwa m'manda a amphaŵi abale ake kulibe. Wolemba mbiri Robert Edgar ndiye adathandiza kupeza mandawo, ndipo mu 1998 mafupa ake adabwera nawo kwawo ku Khulile, kumene zidzukulu zake ndi mpingo wake adamuika mwaulemu, patapita zaka 63.