Zizindikiro za Mbiri M'mbali mwa Shire ku Neno: Kodi Shariah Ikutinji?

Munthu wochokera ku Blantyre akamaoloka mlatho wa Zalewa kulowa m'boma la Neno amangoona madzi ndi anthu a malonda m'mbali mwa msewu. Ndi ochepa amene amakumbukira kuti chigawo chimenechi cha Shire ndicho chinkalamula ulendo wa aliyense wofuna kufika kunyanja. Kuchokera pa Matope kutsikira kumwera, mtsinjewu umagwa m'mathithi a Kholombidzo, Nkula, Tedzani, Mpatamanga ndi Kapichira, ndipo palibe bwato limene lingadutsepo.

David Livingstone atawaona m'chaka cha 1859 anawatcha mathithi a Murchison, ngakhale kuti eni dera anali nawo kale maina awo. Mu 1875, sitima ya Ilala itafika kumunsi kwa mathithiwa inaphwasulidwa, ndipo amtengatenga mazanamazana anasenza zitsulo zake pamutu mpaka kumtunda, komwe inalumikizidwanso. Inalowa m'nyanja pa 12 October chaka chomwecho. Pambuyo pake Matope inasanduka doko. Katundu ankatsitsidwa pa Katunga, n'kusenzedwa kudzera ku Blantyre mpaka pa Matope, kumene sitima zinkamutenga kupita ku Fort Johnston, amene lero ndi Mangochi. Madzi a m'nyanja atatsika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, sitima zinaleka kufika ndipo dokolo linafa. Mathithi omwewo ndiwo akutiunikira lero: malo opangira magetsi a Nkula anatsegulidwa mu 1966, a Tedzani mu 1973.

Mtsinjewu unaonanso zowawa. Mu July 1861, pamudzi wa Mbame, Livingstone ndi anzake anamasula akapolo 84 amene ankapita nawo ku Tete, ulendo womwe ukanawaolotsa Shire. Malonda oipawa anali ndi manja ambiri. Analipo Apwitikizi a ku Tete, analiponso a Jumbe ku Nkhotakota ndi mafumu monga Makanjira ndi Mponda, omwe ankatchedwa Asilamu. Msilamu wolemba mbiri saloledwa kubisa zimenezi, chifukwa Surah An-Nisa ndime 135 ikutilamula kuikira umboni woona ngakhale utitsutse ife eni kapena makolo athu. Koma njira zomwezo zinadutsanso aphunzitsi a Qur'an, monga Sheikh Abdallah bin Haji Mkwanda amene anamwalira mu 1930, ndi Sheikh Thabit bin Muhammad Ngaunje amene anamwalira mu 1959.

Tikayang'ana zikumbutso zimene zaima m'mbali mwa Shire, tiona amene anali ndi cholembera. Ku Mangochi kuli nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, yomangidwa mu 1903, ndipo pafupi pake pali mwala wokumbukira anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Kufupi ndi Kapichira kuli manda a Richard Thornton, amene anamwalira mu 1863. Mabuku amatchula dzina la E.D. Young yemwe anatsogolera ulendo wa Ilala, koma osenza zitsulo aja amangowerengedwa. Mu 2011 boma la Malawi linapereka ku UNESCO njira za akapolo ndi za Livingstone kuti ziganiziridwe kukhala chuma cha dziko lonse lapansi. Mbiri ikulembedwa, kaya ife tilipo kaya palibe.

Asilamu ena amazengereza poopa kuti chikwangwani kapena mwala wachikumbutso ndi khomo la shirk. Manthawa ali ndi maziko, koma nkhaniyi ili patatu.

Poyamba ndi manda. Imam Muslim analandira kuchokera kwa Jabir (Allah asangalale naye) kuti Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) analetsa kupaka manda laimu, kukhalapo ndi kumangapo, ndipo mu hadith ya Imam Tirmidhi mwaonjezeredwa kulembapo. Komabe Abu Dawud akusimba kuti Mtumiki mwini wake ananyamula mwala n'kuuika kumutu kwa manda a Uthman bin Maz'un kuti aziwazindikira ndi kuikapo abale ake. Choncho ma Ulama a madh'hab a Shafi'i, amene Asilamu ambiri m'Malawi amatsatira, anati chizindikiro cha mwala n'chabwino, kulemba ndi makruh, ndipo kumanga m'manda a anthu onse ndi haraam chifukwa kumaphangira malo a ena. Ena mwa iwo analola kulemba dzina lokha pakakhala chofunika kuti mandawo asasowe.

Chachiwiri ndi malo amene si manda: doko lakale, chitsime, mzikiti woyamba pamudzi. Apa choyang'ana ndi cholinga. Surah Ash-Shu'ara ndime 128 ndi 129 ikudzudzula anthu a Aad pomanga zizindikiro pazitunda mwamasewera ndi modzitama. Ibn Sa'd akusimbanso kuti Umar (Allah asangalale naye) atamva kuti anthu ayamba kukapemphera pamtengo wa Bay'at ar-Ridhwan, analamula kuti udulidwe. Koma Qur'an yomweyo, monga mu Surah Ar-Rum ndime 9, ikulimbikitsa kuyenda padziko ndi kuona mathero a amene anatsogola. Umar yemweyo ndi amene anakhazikitsa kalendala ya Hijra, nalamula Amr bin Al-As kukumbanso ngalande yochokera mu Nile kukafika ku Nyanja Yofiira kuti chakudya chifike ku Madina. Ngalandeyo inatchedwa ndi udindo wake, Khalij Amir al-Mu'minin, ndipo ma Ulama sanaone vuto. Ngalande imene Zubayda, mkazi wa Harun ar-Rashid, anakumbitsa yopititsa madzi ku Makka ikutchedwabe Ayn Zubayda. Choyezera madzi a Nile cha pachilumba cha Rawda ku Cairo, chomangidwa mu 861, chili ndi zolembedwa pamiyala yake mpaka lero. Tinganene tsono kuti chikwangwani chophunzitsa, chopanda fano, chosapitidwa kukapempha madalitso, chili pa lamulo la zinthu wamba, ndipo chiyambi cha zinthu wamba ndi kuloledwa.

Chachitatu ndicho chafulumira. Pa Mpatamanga, pakati pa Neno ndi Blantyre, pakonzedwa damu lalikulu la magetsi, ndipo kumunsi ku Kapichira kwayambira ngalande yothirira minda ya ku Chikwawa ndi Nsanje. Pomwe pafika damu kapena ngalande, funso la manda silichedwa. Lamulo lake n'lakuti kufukula mtembo ndi haraam kupatula pakakhala chokakamiza, ndipo mabuku a Shafi'i amatchula kufika kwa madzi kukhala chimodzi mwa zokakamizazo. Imam Bukhari akusimba kuti Jabir anasamutsa bambo ake, omwe anaphedwa pa Uhud, patatha miyezi isanu ndi umodzi. Olemba mbiri akunenanso kuti m'nthawi ya Mu'awiya, ngalande ya madzi itadutsa pa Uhud, anthu anauzidwa kusamutsa abale awo. Kusamutsako kuchitike mwaulemu, mafupa osathyoledwa, nkhope n'kuyang'anitsidwanso ku Qibla. Koma manda amene sakudziwika palibe angawasamutse.

Ntchito ili kwa makomiti a mizikiti ndi aphunzitsi a madrasa, kuyambira ku Zalewa, Matope mpaka ku Lisungwi. Akhale pansi ndi agogo akadali moyo. Alembe amene anamanga mzikiti woyamba, amene anapereka malo a waqf, shehe woyamba ndi komwe anaphunzira, malire a manda ndi amene agonamo, ndi zaka zake m'kalendala zonse ziwiri. Kope limodzi likhale pamzikiti, lina kwa mfumu, lina ku nthambi ya boma yosunga zakale. Pakhoma la mzikiti, chikwangwani chaching'ono cha dzina ndi chaka n'chokwanira. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka, ndipo nkhalamba ikaikidwa m'manda isanafunsidwe, imapita ndi zonse inkadziwa.

Allah ndiye Wodziwa bwino.