Mlendo ndi Mame: M'mene Azungu a ku Britain Adasankhira Pokhala Pakati pa Blantyre ndi Zomba

 Masiku apitawa, kuno kugombe la nyanja ya Chilwa, mdzukulu wanga wina adaima pabwalo madzulo, naloza phiri la Zomba pomwe dzuwa linkabisala kuseri kwake, nandifunsa kuti, "Agogo, kodi atsamunda adaikiranji boma lawo patsinde pa phiri lija, chikhalirecho malonda ndi njanji zidali ku Blantyre?" Funsoli lidandikumbutsa mwambi uja wakuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Lero ndifuna tiuyese mwambiwu pa alendo ochokera ku Britain, tione m'mene adasankhira pokhala, ndi zomwe kusankha kwawoko kudatisiyira eni nthakafe.

Tiyambe ndi mwambo wathu. Makolo akafuna kusamutsa mudzi sankangodzuka ndi kumanga akatundu. Ankayamba atuma akuluakulu kukazonda malo: kodi madzi ali pafupi? Kodi nthaka ikubereka? Nanga adani angadzere mbali iti? Akakhutira, ankapita kwa mfumu mwini dziko atanyamula nkhuku, napempha malo mwaulemu, kenaka nathira nsembe kwa mizimu asanazike mzati woyamba. Azungu nawo ankafunsa za madzi, za matenda, za njira ndi za chitetezo. Pamene adasiyana ndi makolo athu mpa funso lija la mwini malo, monga tionere kutsogoloku.

David Livingstone adafika pa nyanja yathuyi pa 18 Epulo 1859, ali ndi mnzake John Kirk. Madzi adawapeza amchere pang'ono, monga alili mpaka lero, koma chidamukopa mtima ndi dziko lokwera la kuzambwe kwa nyanja, lamphepo yozizira ndi mitsinje yosaphwa. Mbiri yomwe adaitumiza kwawo ndiyo idaitana alendo onse otsatira.

Oyamba kuitanika adali amishoni a Bishopu Charles Mackenzie, omwe adamanga ku Magomero mu Julayi 1861. Adasankha malo otsika pomwe mtsinje wa Namadzi udakhota ngati linga, poganizira chitetezo chokha. Posakhalitsa kamwazi, njala ndi nkhondo zidawapanikiza. Bishopuyo adamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 kufupi ndi Chiromo. Otsalawo adatsikira kwa Chibisa ku Chikwawa, ndipo mu 1863 adachokeratu m'chigwa cha Shire. Mu 1875 kudabwera amishoni a ku Scotland, pakati pawo Dotolo Robert Laws, ndi sitima yawo ya Ilala. Iwowa adakopeka ndi dooko labwino la Cape Maclear, koma m'malo mwa mpingo padachuluka manda. Mu 1881 adasamukira ku Bandawe, ndipo mu 1894 adakwera phiri kupita ku Khondowe. Paja akulu adati safunsa adadya phula.

Pa nthawiyo Azungu ankakhulupirira kuti malungo amachokera ku mpweya woipa wa m'madambo. Zoti udzudzu ndiwo umafalitsa matendawa adazitsimikiza Ronald Ross ku India mu 1897. Choncho adathawa zigwa pa chifukwa cholakwika, komabe kuthawako kudawapulumutsa. Nchifukwa chake kuno kwathu, kodzaza njedza ndi mabango, sikudamangidwe tauni ya Azungu. Udzudzu womwewo umene watilanda ana ambiri udatilonderanso gombe lathu.

Blantyre adabadwa chifukwa cha phunziro limenelo. Henry Henderson, wotumidwa ndi mpingo wa Church of Scotland, adayenda m'mapiri a kum'mawa kwa Shire akutsogoleredwa ndi Tom Bokwito, yemwe ali mwana adaomboledwa ku ukapolo m'masiku a Mackenzie. Taonani, amene adaloza malo a mzinda waukuluwo adali mwana wakuda wodziwa njira ndi chinenero. Adasankha malo pafupi ndi phiri la Ndirande, m'dziko la mfumu Kapeni, ndipo mishoni idakhazikika mu Okutobala 1876. Dzina adalitenga ku mudzi wobadwira Livingstone ku Scotland. Malowa adali okwera, amadzi abwino, komanso pa njira yolambalala mathithi a Shire: katundu wotsika sitima kwa Katunga ankasenzedwa pamutu kudzera pomwepo mpaka ku Matope. Pamene pali njira, malonda satalikira. Kampani ya African Lakes, yoyambika mu 1878 pansi pa abale awiri John ndi Frederick Moir, idamanga nyumba yake yosanja mu 1882. Anthu adaitcha Mandala potengera magalasi a m'maso a John Moir. Pakati pa 1888 ndi 1891 David Clement Scott ndi amisiri akuda adamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe chikadali chiimire.

Mbiri ya Zomba imayamba ndi mlimi wina dzina lake John Buchanan, yemwe adadza ndi mishoni ya Blantyre mu 1876 ndipo adatsekula nthambi yake m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Zitamveka ku Scotland kuti amishoni ena ankakwapula anthu mwankhanza ndi kudziyesa oweruza, mpingo udachotsa ena mwa iwo mu 1881, ndipo Buchanan adali mmodzi wa ochotsedwawo. Iye sadabwerere kwawo. Adakhala ku Zomba nayamba kulima khofi ndi nzimbe pamodzi ndi abale ake. Cha m'ma 1886 adamangira kazembe wa Britain, Hawes, nyumba ya nsanja zosongoka, yomwe pambuyo pake idadzasanduka hotela ya Masongola. Chakumpoto pang'ono, Alexander Hetherwick adali atatsekula mishoni ya Domasi mu 1884, m'dziko la mfumu Malemia.

Tsono mu 1891 kudafika Harry Johnston kudzakhazikitsa ulamuliro wa Britain, ndipo adayenera kusankha pakati pa malo awiriwa. Blantyre ndiye adali ndi Azungu ambiri, sitolo ndi tchalitchi, komabe Johnston adasankha Zomba. Zifukwa zake tingaziwerenge zinayi. Choyamba, nyumba ya kazembe idalipo kale. Chachiwiri, madzi a Mulunguzi adali ozizira ndi osaphwa, ndipo kukongola kwa phirilo, lotalika kuposa mamita 2,000, kudamutenga mtima munthu wokonda kujambula ndi zomera. Mnzake Alexander Whyte adayamba pomwepo munda woyeseramo mitengo ndi mbewu. Chachitatu, njira za amalonda a akapolo zopita kunyanja yamchere zinkadutsa m'mbali mwa Chilwa, ndipo mafumu amphamvu monga Kawinga wa ku phiri la Chikala adali pafupi. Johnston adafuna asilikali ake akhale pakhomo pawo, ndipo Kawinga adagonjetsedwa mu 1895. Chachinayi, amishoni a ku Blantyre adali anthu olankhula mosaopa, odzudzula boma pa nkhani za malo ndi msonkho. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Mtunda wa makilomita oposa 60 udampatsa Johnston mpata wopumira.

Kuyambira pamenepo Mzungu aliyense wobwera kumene ankakumana ndi mphambano yomweyi. Ankatsika sitima yaikulu ku Chinde, pa mathiriro a Zambezi, nakwera ina yaing'ono kudzera mu Shire mpaka ku Chiromo kapena kwa Katunga, kenaka nanyamulidwa pa machila kukwera mapiri. Kunena zoona, ntchito yake ndiyo inkamusankhira mzinda. Wa boma, wa zolembalemba ndi msilikali wa Keyala ankalowera ku Zomba, komwe kudali Bwanamkubwa, malikulu a nthambi za boma ndi kampu ya asilikali. Wamalonda, wa banki ndi mmisiri ankatsalira ku Blantyre. Njanji itafika ku Blantyre mu 1908, kampani ya fodya ya Imperial Tobacco idamanga fakitale ku Limbe, ndipo tauni yachitatu idamera pamenepo, kufikira idaphatikizidwa ndi Blantyre mu 1956. Wofuna munda ankapita ku Thyolo, ku Mulanje kapena ku Namadzi. Khofi atalephera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, adatembenukira ku thonje, fodya ndi tiyi. M'zaka za m'ma 1920 ena adalowera ku chigawo chapakati kukagula fodya wa alimi akuda, ndipo Lilongwe adayamba kukula.

Mizinda iwiriyi idakula ndi makhalidwe osiyana ngati ana a mitala. Zomba adali wachete, wa maudindo, komwe munthu ankadziwika ndi mpando wake ndipo nyumba zinkakwera phiri motsatira ukulu wa mwini wake. Blantyre adali waphokoso, wa ndalama, wodandaula kosatha kuti boma lili kutali ndi okhoma misonkho. Njanji sidakhoteko kulowa ku Zomba: mu 1935 idalunjika ku Salima kudzera ku Balaka, ndipo ya ku Nacala ya mu 1970 idadutsa ku Liwonde ndi ku Nayuchi, kumpoto kwa nyanja yathuyi. Mzinda wopanda njira ya katundu ungakhale ndi ulemu, koma sunenepa.

Tsopano tibwerere ku funso lija la mwini malo. Pa mwambo wathu mfumu ikapereka malo kwa mlendo imamubwereka kuti alime ndi kudya. Nthaka imakhalabe ya mtundu, ya amoyo, ya akufa ndi ya osabadwa. Azungu ambiri adapereka nsalu, mikanda ndi mfuti, nalembetsa mapepala onena kuti agula. Kuyambira mu 1892 Johnston adayamba kutsimikiza mapepalawo ndi zikalata za boma, ndipo gawo lalikulu la nthaka yachonde ya m'mapiri a Shire lidagwa m'manja mwa anthu owerengeka. Ku Magomero kuja kudalephera Bishopu, banja la A. L. Bruce, mkamwini wa Livingstone, lidatenga maekala oposa 160,000. Mawu athu okoma akuti thangata, otanthauza kuthandizana pa ntchito, adasanduka dzina la ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala. Abale athu Alomwe, omwe ankalowa m'dziko muno kuzungulira Chilwa ndi Mulanje pothawa nkhanza za Apwitikizi, ndiwo adasenza goli limeneli koposa. Mkwiyo wake udaphulika mu Januwale 1915 pa kuukira kwa John Chilembwe, pomwe William Jervis Livingstone, woyang'anira esiteti ya Magomero, adaphedwa. M'matauni namo mudali malire: Azungu kumtunda kozizira, Amwenye kufupi ndi msika, eni dziko kumphepete. Zonsezi zidachitika pomwe Azungu m'dziko lonse sadakwane ndi 2,000 omwe pofika 1945.

Sindikunena kuti mlendo sadabwere ndi kanthu. Mwambi wina umati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo sukulu, zipatala, makina osindikizira mabuku ndi misewu ndi kalumo komwe tonse tametera. Koma kalumo komweko kadatichekanso, ndipo wofotokoza mbiri moona ayenera kutchula zonse ziwiri.

Nanga mame aja adakamuka? Dziko lidalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, ndipo ambiri mwa Azungu a boma adabwerera kwawo. Boma la Dr. Kamuzu Banda lidaganiza zosamutsira likulu pakati pa dziko, ndipo mu 1975 Lilongwe adatenga mpando. Ine ndidali mphunzitsi wachinyamata pa nthawiyo, ndipo ndikukumbuka nkhawa ya asodzi ndi amayi a kuno kwathu omwe ankagulitsa matemba, mlamba ndi mpunga kwa antchito a boma pa msika wa Zomba. Chidatonthoza mzindawo ndi kubwera kwa Chancellor College mu 1973, komanso Nyumba ya Malamulo yomwe idakhalabe komweko mpaka 1994. Blantyre, wosankhidwa chifukwa cha njira, adapitirira kukhala phata la malonda. Zomba, wosankhidwa chifukwa cha mpando ndi kukongola, adatsala ndi kukongolako mpando utachoka. Mame adakamuka, inde, koma udzu womwe adaumeretsa ukadalipo: misewu yomwe timayenda, kumene timakagulitsa nsomba, ngakhale kuchepa kwa minda m'maboma a Zomba, Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje, zonsezi zili ndi mizu m'zosankha za alendo aja.

Lero zinthu zatembenuka. Ndinu adzukulu amene mukukhala pansi ndi kuyerekeza Lilongwe ndi Blantyre, Johannesburg ndi Cape Town, mwinanso mizinda ya ku Britain komweko. Tengani phunziro kwa alendo aja. Mackenzie adaona linga naiwala thanzi. A ku Cape Maclear adaona dooko naiwala manda. Henderson adafunsa mwana wa m'dziko, ndipo mzinda wake ulipobe. Musasankhe malo chifukwa cha chithunzi chokongola cha pa foni. Funsani za madzi, za ntchito, za njira yobwererera kwanu, ndipo koposa zonse funsani kuti mwini malo ndani, mumulemekeze monga makolo ankachitira ndi nkhuku yawo ija. Mukakhala kwa eni, khalani alendo amene akachoka eni mudzi amawasowa.

Madzi a Mulunguzi amene ankathirira maluwa a Bwanamkubwa amatsikira mu Likangala, ndipo Likangala amadzathira kuno mu Chilwa. Zochitika kumtunda zimafika kunsi, ngakhale patapita zaka zana. Mdzukulu wanga uja nditamufotokozera zonsezi adangoti, "Ndiye kuti phiri lija ndi lathu, agogo?" Ndidamuyankha kuti lidali lathu asanabwere, ndipo akadzakula adzalisamale. Sabata yamawa, Mulungu akalola, tidzakambirana za mwambo wopempha malo kwa mfumu ndi mawu omwe ankanenedwa pa bwalo. Tsalani bwino.