Mitengo ya makolo yatsala kumanda kokha

Mukamayenda m'midzi ya ku Namitambo n'kuona kamsitu ka mitengo ikuluikulu yachilengedwe, musavutike kufunsa: pamenepo ndi pamanda. Kwina konseko ndi minda ya chimanga ndi nandolo, bulugamu ndi mauvuni a njerwa. Funso limene landivuta chaka chino n'lakuti, n'chifukwa chiyani lamulo la kumanda, losalembedwa paliponse, lasunga mitengo pomwe malamulo a boma alephera?

Yankho lili m'mbiri ya malo. M'zaka za m'ma 1890, Harry Johnston anapatsa azungu zikalata zowatsimikizira umwini wa malo aakulu kuno kummwera. Esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero inali imodzi mwa malo amenewo. Anthu, kuphatikizapo Alomwe amene ankalowa kuchokera ku Mozambique, anapanikizana pa malo otsala kapena kukhala pa esiteti n'kumagwira thangata. Ndi mavuto omwewa amene John Chilembwe wa ku Mbombwe anawaukira mu 1915. Munthu wopanda malo sasankha polima: amakwera phiri, amalima m'mbali mwa mtsinje.

Nthaka itayamba kukokoloka, boma la atsamunda linaloza chala mlimi wamba. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 linabweretsa malamulo a malimidwe, okakamiza anthu kuunda migula ndi kuleka kulima m'mphepete mwa mitsinje. Wokana ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa. Nzeru yake sinali yoipa, koma anthu anaiona ngati thangata lachiwiri, ndipo kudana ndi malimidwe kunakhala mbali ya nkhondo yomenyera ufulu. Kuyambira pamenepo, kusamala chilengedwe kunamveka ngati chikwapu cha boma pamsana pa wosauka.

Lero malamulo tili nawo. La zachilengedwe la 1996 linalowedwa m'malo ndi la 2017, limene linakhazikitsa bungwe la MEPA ndipo limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziunikidwe zisanayambe. Palinso lamulo la mapulani a malo la 2016. Koma maganizo athu akadali pa kuchepetsa kuwononga, osati kubweza. Ku England anapita patsogolo: kuyambira February 2024, omanga ambiri ayenera kuonetsa khonsolo kuti zamoyo za pamalopo adzaziwonjezera ndi 10 peresenti, ndipo adzazisamala kwa zaka 30. Popanda pulani imeneyo, ntchito siyamba.

Sindikunena kuti tikopere zimenezo momwe zilili. Boma la Chiradzulu linali ndi anthu oposa 350,000 pa kalembera wa 2018, ndipo ambiri ali ndi kamunda kosakwana kudyetsa banja. Kulamula mayi wamasiye amene akumanga nyumba ya zipinda ziwiri kuti alembe katswiri wowerenga mbalame kungakhale kubwereza malimidwe. Lamulo lotere liyambe ndi olemera: womanga sitolo zazikulu, sukulu yolipira, malo omwetsera mafuta, wophwanya miyala, ndi boma lenilenilo likamalambula msewu. Wodula mkuyu asabwezere ndi mbande za bulugamu zojambulira chithunzi, zimene zimauma mvula ikangotha. Abwezere mbawa, mthethe, masuku, ndipo khonsolo idzabwerenso pakapita zaka kudzaona ngati ili moyo.

Mtengo wa kuchedwa taudziwa kale. Mu March 2023, namondwe wa Freddy anagumula mapiri. Matope anakwirira mudzi wa Ntauchira m'boma lathu lomweli, monganso anachitira ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche. Mitengo siikanaletsa mvula ngati ija, koma phiri lometedwa silichedwa kumasuka.

Tibwerere kumanda kuja. Lamulo lake limagwira chifukwa aliyense amadziwa malire, amfumu ali pafupi, ndipo limaluma onse mofanana: mwini golosale sadula nkhuni kumanda, mwana wa amfumu sadulanso. Ife amene tikuphunzira, mawa tidzakhala m'maofesi osainira mapulani a zomangamanga. Tikadzalemba lamulo limene liopseza wosauka n'kulambalala wa ndalama, lidzafa imfa ya malimidwe, ndipo adzukulu athu adzadziwa mthunzi wa mbawa pa tsiku la maliro lokha.