Kumene Kavalo Adalephera: Mbiri ya Tonde wa Mbewu ku Chembe

M'maiko amene kavalo ali chuma cholemekezeka, mwini kavalo wamphongo wa mtundu wabwino amadya osagwira khasu, pakuti eni akavalo aakazi amachokera kutali kudzakweretsa ziweto zawo, nalipira ndalama zambiri, nabwerera kwawo kukadikira miyezi 11 kuti aone chimene ndalama yawo yabala. Angerezi adaikonda ntchito imeneyi kotero kuti m'chaka cha 1791 adayamba kulemba buku la mibadwo ya akavalo awo a mpikisano, ndipo kufikira lero akavalo onse a mtundu wa Thoroughbred, mukatsata kuchimuna, amakathera kwa makolo atatu okha, Byerley Turk, Darley Arabian ndi Godolphin Arabian. Kuno kwathu ku Chembe, kumene gombe ladzaza ndi mabwato, makoka ndi mathandala a usipa, mwana angathe kukula mpaka kumera imvi osaona kavalo ndi maso. Komabe funso limene lidalembetsa Angerezi buku lija, lakuti mphongo yoyenera kubereka ndi iti ndipo aisunge ndani, lidafika pakati pathu kalekale, ndipo mbiri ya mayankho ake ndi yoyenera kuikumbukira.

Amene adatsekera kavalo njira ya kunyanja ndi kashembe, kantchentche ka m'tchire kamene kakaluma chiweto kamasiya tizilombo m'magazi, kotero kuti chiweto chimayamba kuwonda, ubweya nunyankhalala, maso nalengeza misozi, kufikira chigwa osadzukanso. David Livingstone, yemwe adafika pa nyanja ino m'chaka cha 1859, ndipo pambuyo pake adatcha dera la Chembe dzina la bwenzi lake Thomas Maclear, adafunitsitsa kupeza nyama yonyamula katundu imene ikadapirira ululu umenewu. Chifukwa chake pa ulendo wake wa 1866, pokwera ndi mtsinje wa Ruvuma, adatenga ngamila, njati zoweta za ku India, nyuru ndi abulu. Njala, zilonda za katundu, nkhanza za oziyendetsa ndi kuluma kwa kashembe zidagwirizana, ndipo pamene iye ankafika kwa Mponda, kumene nyanja imathira madzi ake mu Shire, gulu lija lidali litathera m'njira.

Patapita zaka 9, mu Okutobala 1875, sitima ya Ilala idakocheza pa gombe lino ndi amishoni a ku Scotland otsogozedwa ndi E. D. Young, pamodzi ndi Dotolo Robert Laws, ndipo adamanga pano Livingstonia woyamba. Doko lidawakomera, koma malungo adawalanda anzawo, mmodzi wa iwo Dotolo William Black amene manda ake alipobe. Dothi lolimapo lidali lochepa pakati pa mapiri a miyala, ndipo kashembe sadalole kuti akhale ndi khola la ng'ombe lodalirika. M'chaka cha 1881 adasamukira ku Bandawe. Ngakhale Harry Johnston, pomanga linga la Fort Johnston m'chaka cha 1891, kumene lero tikutcha Mangochi, sadathe kudalira akavalo monga ankachitira anzake m'maiko ena, ndipo katundu amene kwina adakokedwa ndi nyama kuno adagwera pa mitu ya amtengatenga, ndi mzungu mwini wake pa mapewa a onyamula machila. David Bruce, amene adatsimikiza ku Zululand cha m'ma 1895 kuti kashembe ndiye amafalitsa nthenda ya ziweto ija, adadza ku Nyasaland m'chaka cha 1912 kudzafufuza za kaodzera pa phiri la Kasu. Koma kudziwa mdani sikudabweretse kavalo ku Chembe, ndipo akavalo amene alipo m'dziko muno ndi owerengeka.

Chimene chidatsala ndi mbuzi yathu yamakolo, yaing'ono thupi, yamawangamawanga, yosanyada pa chakudya, imene imakhuta masamba a zitsamba, makoko a chimanga ndi zogwa pansi pa mathandala, nipirira kutentha kwa mwezi wa Okutobala pamene miyala ya Chembe imaotcha phazi. Ndipo pa mbuzi imeneyi makolo adakhazikitsa mwambo wawo wa mbewu, wopanda buku ndi wopanda mtengo wolembedwa. M'nyengo ya dzinja, mbewu zili m'munda, mbuzi iliyonse imamangidwa pa chikhomo chake. Tsono mayi akaona kuti thadzi lake likulira kosalekeza, likugwedeza mchira pafupipafupi ndi kukana msipu, amadziwa kuti nthawi yake yakwana ndi kuti ikapita tsiku limodzi kapena awiri adzadikiranso milungu itatu. Amalikoka ndi chingwe kunka kwa mnansi amene ali ndi tonde, naodira pakhomo, nati, “Zikomo, bambo, ndadzapempha tonde wanu, mbuzi yangayi yafuna.” Ndipo sikudamveke kawirikawiri kuti mwini tonde adakana, pakuti akulu adati kupatsa n'kuika. Ikatha miyezi isanu, mwana akabadwa, wopempha uja amabwerera ndi mbale ya usipa kapena chambo chimodzi chonona, kudzathokoza.

M'chilimwe, zokolola zitalowa m'nkhokwe, zingwe zimamasulidwa, ndipo tonde wamphamvu, wa ndevu ndi fungo lake lija, amayenda mudzi wonse ngati wa aliyense. Padalinso mwambo wa chakhola, umene munthu wopanda khola, kapena woopa kuti nthenda ingamalize ziweto zake zonse pamalo amodzi, ankaikiza mbuzi kwa mbale wake wa mudzi wina, ndipo wosungayo ankalandira mmodzi wa ana obadwa monga mphotho ya kusunga kwake. Mwa njira imeneyi wosauka ankayamba khola lake, ndiponso magazi a mbuzi ankasakanizika pakati pa midzi ya kwa Nankumba popanda wina kulamula.

Boma la atsamunda, ndi lathu lomwe ufulu utabwera m'chaka cha 1964, lidaona kuchepa kwa ziweto zathu nkuganiza kuti mankhwala ake ndi mphongo yochokera kunja. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, malo a boma a Mikolongwe ku Chiradzulu adayamba kugawa nkhuku zakuda za mtundu wa Black Australorp kuti atambala ake akwere nkhuku zachikuda, ndipo zidatchuka kotero kuti mpaka lero nkhuku yotere timangoitcha mikolongwe. Kwa eni ng'ombe zamkaka kudabwera kukweretsa kwa m'botolo, pamene mlangizi amadza ndi mbewu ya nkhunzi ya Friesian imene ng'ombeyo sidzaionapo. Ndipo kwa eni mbuzi kudabwera tonde wa Boer wa ku South Africa, woyera thupi, wofiira mutu, wa makutu ogwa, amene ankachulukitsidwa pa malo monga Lifidzi ku Salima ndi kuperekedwa ku magulu a alimi kuti khomo lililonse likweretse kwa iye.

Tisanyoze ntchito imeneyo, pakuti pamene padali chakudya chokwanira, katemera ndi dibi, ana a atonde amenewa adakula msanga nalemera kuposa amawo. Koma kumidzi yambiri, mphongo yachilendo idakumana ndi zimene zidagonjetsa nyama za Livingstone, ngakhale mayina a adani adasintha: nkhupakupa, njoka za m'mimba, chitopa pa nkhuku, ndi miyezi ya chilimwe imene msipu umasanduka fumbi. Bungwe lopereka likachoka, mankhwala akatha, tonde wamkulu uja ankayamba kutsokomola, ndipo mudzi unkatsala ndi mbuzi zake zakale zimene sizidapemphe kanthu kwa munthu. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Komatu choopsa chachikulu pa mbuzi yamakolo chili m'manja mwathu momwe. Ikafika nyengo ya Idi ya nsembe, imene abale athu Asilamu a m'boma la Mangochi amaisunga ndi ulemu waukulu, kapena Khrisimasi, kapena ukwati ndi sadaka, wogula amafuna tonde wamkulu, wosalala, wopanda chilema, ndipo mwini wake, amene akufuna fizi ya mwana kapena ukonde watsopano, amagulitsa ameneyo. M'khola mumatsala kamtonde kofooka, ndipo ndi komweko kadzabereke mbadwo wotsatira. Chaka ndi chaka timachotsa wabwino ndi kusiya wonyozeka, kenaka nkumadabwa kuti mbuzi za masiku ano nzazing'ono kuposa za agogo athu. Yakobo, poweta zoweta za Labani, adadziwa kusiyanitsa zolimba ndi zofooka pa nthawi yokweretsa, ndipo ndi nzeru imeneyo adalemera. Kuwonjezera apo, mudzi wa Chembe, umene uli m'kati mwa malo otetezedwa a Lake Malawi National Park kuyambira 1980, wazingidwa ndi mapiri kumbuyo ndi madzi kutsogolo, kotero kuti tonde mmodzi akakhalitsa amakwera ana ake omwe ndi adzukulu ake, ndipo zotsatira zake ndi ana obadwa onyentchera ndi ofa asanaleke kuyamwa.

Chifukwa chake nkosangalatsa kuti akatswiri a zaulimi a ku Bunda, pogwira ntchito ndi alimi a m'maboma monga Mzimba ndi Nsanje, abwerera ku nzeru imene inali pafupi: alimi eni ake amayeza ana a mbuzi pa sikelo, amalemba amawo ndi atate awo, amasankha atonde okula msanga a mtundu wathu womwewu kuti akhale a mbewu, otsalawo nawathena kuti anenepere msika, ndipo patapita nthawi amasinthana atonde ndi mudzi wina. Zimenezi sizifuna sitima kapena ndalama za kunja. Zifuna kabuku kamodzi, sikelo imodzi, ndi pangano la pabwalo pamaso pa mfumu lakuti tonde wosankhidwa sagulitsidwa kufikira atasiya mbewu, ndi kuti womusunga alandire chakhola chake mosanyinyirika, popeza mutu umodzi susenza denga. Inu eni makola a ku Chembe, ku Msaka ndi ku Monkey Bay, wogula akadzaima pakhomo panu chaka chino naloza tonde woposa onse, mumuonetse wachiwiri wake.